Mafunso Anu pa Chinenero: Kodi "Sopha" ndi Sofa Yomweyi?

FUNSO: Ndimaphunzitsa Chingerezi kusekondale. M'buku lina lakale ndapezamo mawu akuti "sopha", ndipo nkhani yake ikuonetsa kuti ndi chinthu chimene munthu wakhalapo m'chipinda chochezera. Pena mawu omwewo akuoneka ngati "fopha". Kodi osindikiza anaphonya, kapena ndi mpando wina wosiyana ndi sofa? Ana akandifunsa ndiwayankhe bwanji? — Mphunzitsi, Dedza

YANKHO: Aphunzitsi, osindikiza sanaphonye. "Sopha" ndi sofa yomweyi imene timakhalapo pabalaza, kungoti kalembedwe kameneko kanatha ntchito. M'zaka za m'ma 1700 mpaka kulowa m'ma 1800, "sopha" ndi "sofa" ankayendera limodzi ku England, ku France ndi ku Germany. Mu 1742 mlembi wa ku France, Crébillon wamng'ono, anatulutsa buku lamutu wakuti Le Sopha, ndi ph. Mu 1785 William Cowper wa ku England anatulutsa ndakatulo yaitali yotchedwa The Task, ndipo gawo lake loyamba analitcha The Sofa, ndi f. Onse awiri anali akatswiri a cholembera, ndipo owerenga a nthawiyo ankalandira njira zonse ziwiri.

Za "fopha" zija, tengani bukulo mupite nalo powala, muyang'anitsitse lembo loyambalo. Si f ayi, ndi s wamtali. Mpaka cha m'ma 1800 osindikiza a Chingerezi anali ndi mitundu iwiri ya s wamng'ono. Wamfupi, amene timamudziwayu, ankamuika kumapeto kwa mawu. Wamtali, woima ngati ndodo yopindika kumutu, ankamuika koyambirira ndi pakati. Chomusiyanitsa ndi f ndi kamzere kopingasa: pa f kamadutsa mbali zonse ziwiri za ndodoyo, pa s wamtali kamangotulukira kumanzere kokha kapena kulibiretu. Inki ikafalikira papepala lakale kusiyana kumeneku kumafufutika, ndipo makina ojambula mabuku n'kuwasandutsa malemba a pakompyuta amasokonezeka pomwepa. N'chifukwa chake pa intaneti mungapezedi "fofa" ndi "fopha" m'mabuku akale, koma mawu otero sanakhaleko.

Mawu akuti sofa kwawo ndi ku Chiarabu, komwe amati "suffa", ndi s wolemera wotchulira kumbuyo kwa kamwa komanso f wokoka kawiri. Sankatanthauza mpando wa masipuling'i ndi thonje. Ankanena kachiunda kokwera kokhalapo, ka miyala kapena ka matabwa, kapena khonde lofolera. Abale athu achisilamu amawadziwa mawuwa: pa mzikiti wa Mtumiki Muhammad ku Madina panali malo ofolera pomwe pankagona otsatira ake osauka opanda nyumba, ndipo anthuwo amatchedwa Ahl al-Suffa, kutanthauza anthu a pa suffa. Anthu a ku Turkey atabwereka mawuwa anawatchula "sofa", ponena mbali ya chipinda yokwezedwa pang'ono kuposa pansi ponse, yoyalidwa makalapeti ndi mapilo, pomwe nduna za Sultan, mfumu yawo, zinkalandirirapo alendo olemekezeka. Azungu opita ku Constantinople, likulu la Sultan, anawaona malowo, ndipo m'ma 1620 mawuwa anayamba kuoneka m'mabuku a Chingerezi ndi tanthauzo lomwelo la pansi pokwera. Pofika 1717 anali atayamba kunena mpando wautali wofewa wokhala ndi poyedzamira. Amisiri a ku Ulaya anatenga maganizo a malo ofewa okhalapo anthu angapo, n'kuwaikira miyendo kuti azitha kusunthidwa.

Nanga ph uja analowamo bwanji, poti ku Chiarabu kulibe? Apa ife olankhula Chichewa tili ndi mwayi womvetsa msanga kuposa Mngerezi. Agiriki akale anali ndi lembo lotchedwa phi, ndipo m'nthawi ya Athens wakale ankalitchula ndendende mmene ife timatchulira ph mu phiri, phala ndi mphasa: p wotuluka ndi mpweya. Ikani chikhatho patsogolo pa milomo, munene "ponya", kenaka "phonya". Kamphepo kamene kakuwombani pa mawu achiwiriwo ndi kamene Aroma ankakalemba ndi h akabwereka mawu a Chigiriki. Patapita zaka mazana angapo katchulidweko kanasintha n'kukhala f, koma kalembedwe kanatsala. Motero ku Ulaya ph anasanduka chizindikiro cha mawu achilendo ndi a anthu ophunzira, monga "philosophy" ndi dzina la Sophia. Alembi atakumana ndi mawu ochokera kummawa omveka f pakati, ambiri anawaveka ph yemweyo, ngakhale kuti mawuwo analibe chibale chilichonse ndi Chigiriki.

Kutha kwa "sopha" kunasiyana dziko ndi dziko. Ku Germany "Sopha" anadzaza m'mabuku a m'ma 1800, koma pambuyo pa msonkhano wa kalembedwe wa ku Berlin mu 1901 masukulu anakhazikika pa "Sofa". Ku Portugal boma linakonza kalembedwe mu 1911 n'kuchotseratu ph m'chinenero chonse, choncho "pharmacia" anakhala "farmácia" ndipo "sophá" anakhala "sofá". Chingerezi chilibe bungwe lolamula kalembedwe, ndiye kumeneko "sopha" anangozilala pang'onopang'ono, osindikiza ndi olemba mabuku otanthauzira mawu atakondera f.

Anawo auzeni kuti powerenga atchule "sofa" basi, asatchule ph wa Chichewa, chifukwa mwana wa kuno akaona "sopha" lilime limathamangira ku "so-pha". Pamayeso alembe ndi f. Ndipo muwasonyeze kuti kalembedweka kamathandiza kuyerekeza zaka za buku la Chingerezi lopanda chikuto: likakhala ndi s wamtali komanso "sopha", mosakayika linasindikizidwa isanakwane 1800 kapena chapafupi pomwepo.

FUNSO: Ndimagwira ntchito yolumikiza mipando yobwera m'makatoni kuno ku Birmingham. Pakatoni imodzi pamalembedwa zinenero zambiri: "soffa", "sohva", "sofá", pena "kanapa", pena "divano". Enawa ndikuona kuti ndi apachibale, koma bwanji aliyense akulemba mwakemwake? — Wowerenga wa ku Britain

YANKHO: Achimwene, chinenero chilichonse chikabwereka mawu chimawadulira malaya a msinkhu wake. Tiyeni tiwaone amene mwatchulawo.

"Soffa" mumupeza m'zinenero ziwiri, pa zifukwa zosiyana. M'Chiswidishi lembo lopanda liwu likabwerezedwa limasonyeza kuti lembo la liwu la kumbuyo kwake ndi lalifupi, ndiye ff akukuuzani kuti o musamukoke. M'chinenero cha ku Wales, chomwe muli nacho pafupi kumeneko, f mmodzi amatchulidwa v, ndipo amene akufuna f weniweni ayenera kulemba ff. Akanalemba "sofa" eni ake akanawerenga "sova". "Sohva" ndi wa ku Finland. Chifinishi chakale chinalibe f, choncho mawu obwereka ankawapatsa hv m'malo mwake, ndipo khofi nayenso kumeneko ndi "kahvi". Kachizindikiro ka pa a mu "sofá" wa Chipwitikizi ndi Chisipanishi, kapena "sofà" wa Chitaliyana, kakutanthauza kuti mphamvu ya liwu ili pa phatikizo lomaliza, pomwe Mngerezi amatsindika loyamba. Ku Hungary amalemba "szófa" chifukwa kwa iwo s payekha ndi sh, ndipo s wathuyu amalembedwa sz. Ku China amati "shafa", ndipo zilembo ziwiri zimene amalembera, chimodzi chotanthauza mchenga china kutumiza, anazisankha chifukwa cha kamvekedwe kokha. M'kalankhulidwe ka ku Shanghai zimamveka pafupi kwambiri ndi "sofa". Kufupi ndi kwathu kuno, Azulu amati "usofa", ambiri "osofa", m'gulu limodzi ndi "ugogo" ndi "ogogo". Ife tinangowonjezera ma- n'kukhala masofa.

"Kanapa" ndi "divano" ndi a mabanja ena. "Kanapa" wa ku Poland, "canapé" wa ku France ndi "Kanapee" wa ku Germany onse anachokera ku mawu a Chigiriki akuti "konopeion", ndipo "konops" ndi udzudzu. Poyamba anali kama wokhala ndi neti yoteteza ku udzudzu. Neti inaiwalika, mpando unatsala ndi dzinalo. Anthu a ku Turkey, amene anapatsa Ulaya mawu akuti sofa, lero mpandowu amautcha "kanepe", wobwereka ku Chifalansa, ndipo "sofa" kwa iwo ndi holo ya pakati pa nyumba yachikale pomwe zitseko za zipinda zimatsegukira.

"Divano" wa Chitaliyana ndi "divan" wa Chirasha anachokera ku "diwan" wa Chiperisiya. Ulendo wake unayamba ndi kaundula wa ndalama za boma, kenaka ofesi yosungamo kaundulayo, kenaka bwalo la nduna, ndipo pomaliza benchi lofewa lotsamira khoma limene ndunazo zinkakhalapo. Nthambi zina za mawu omwewa zinapita kwina: "douane" wa Chifalansa ndi ofesi ya kasitomu ya pamalire, ndipo "diwani" wa Chiswahili ndi khansala. Pa katoni ya Chingerezi mupezanso "couch", wochokera ku mneni wa Chifalansa "coucher", kugona. Ameneyu ndiye "kochi" wa Aswahili.

Chenjezo limodzi pa ntchito yanu: ku Britain "divan" nthawi zambiri amanena bedi la bokosi lopanda chakumutu, pomwe Mrasha kapena Mtaliyana akunena sofa. Kasitomala akatchula mawuwa mufunseni kuti akunena chogonapo kapena chokhalapo musanatsitse katoni m'galimoto.

FUNSO: Ndine kalipentala, ndipo ndikufuna kulembetsa chikwangwani cha Chichewa pa shedi yanga. Anzanga akutsutsana. Wina akuti tebulo, wina thebulo. Wina matiresi, wina matilesi. Wina akuti kabati si Chichewa. Ndisanawononge penti, ndithandizeni. — Mmisiri, Mchesi, Lilongwe

YANKHO: Bambo, mwachita bwino kufunsa penti isanatsegulidwe. Mawu obwereka timawalemba potsata khutu, osati potsata maso, ndipo njira yake ili motere. Tchulani mawuwo mmene makasitomala anu amawatchulira pogula. Pomwe Chingerezi chili ndi c womveka k, lembani k. Pomwe pali ph womveka f, lembani f. Pomwe zilembo zopanda liwu zaunjikana, ziikireni lembo la liwu pakati, ndipo mawuwo athere ndi lembo la liwu. Mukatero "desk" akhala desiki, "bench" akhala benchi, "shelf" akhala shelefu. Pochulukitsa ikani ma-: madesiki, mabenchi, mashelefu, makabati.

Tebulo ndi thebulo onse amapezeka m'mabuku, ndipo amene mwasankha mumugwiritse pachikwangwani chonse. Ife timalimbikitsa tebulo chifukwa ndi amene ana amamuona kwambiri kusukulu. Koma thebulo ali ndi chifukwa chake. Mayina ambiri a gulu limeneli amakhala ndi h chinthu chikakhala chimodzi, n'kumutaya zikachuluka: phiri ndi mapiri, khasu ndi makasu, thumba ndi matumba. Lilime likamati thebulo ndi matebulo likungotsata njira yomweyo. Ngati mukulemba zambiri, matebulo ndiye wosakanganitsa.

Pali chinthu china chimene mmisiri ngati inu muyenera kuchidziwa. Thabwa limene mumapala tsiku ndi tsiku ndi tebulo limene mumakhoma nalo ndi ana a mayi mmodzi. M'Chilatini "tabula" linali thabwa. Mawuwa anadzera ku Chifalansa n'kulowa m'Chingerezi monga "table", ife n'kuti tebulo. Anadzeranso ku Chipwitikizi monga "tábua", n'kukwera ndi amalonda a m'chigwa cha Zambezi, ife n'kuti thabwa, ambiri matabwa, h uja atagwa monga mwa lamulo. Njira yachitatu inadzera kwa Adatchi, omwe amati "tafel", ndipo kudzera m'Chiafrikaans Azulu anapeza "itafula", Ashona "tafura". Aswahili sanatenge ku banja limeneli. "Meza" wawo ndi "mesa" wa Chipwitikizi, yemwenso anafika ku Indonesia monga "meja". Mawu athu akale ndi gome, ndipo akadali amoyo m'tchalitchi pa gome la Ambuye, koma pachikwangwani cha malonda ogula amafunafuna tebulo.

Matiresi lembani ndi r. Lamulo la kalembedwe ka Chichewa limati r amabwera pambuyo pa e kapena i, ndipo l amabwera pambuyo pa a, o, u komanso koyambirira kwa mawu. N'chifukwa chake timalemba zenera ndi firiji, koma tebulo ndi kalipentala. Shelefu ndiye anazolowereka ndi l ngakhale akutsatana ndi e, ndipo ife sitimukakamiza, poti "sherefu" angayandikane kwambiri ndi sherifu wolanda katundu uja. Matiresi nayenso kwawo ndi ku Chiarabu monga sofa: "matrah", malo oponyapo chinthu pansi, kunena chogonera choyala pansi. Anadzera ku "materasso" wa Chitaliyana, ndipo Angerezi akale ankalemba "materas" ndiponso "mattrass". Ma- wake si wochulukitsa, ndi mbali ya mawuwo, koma khutu lathu linamumva ngati ma- wa madzi ndi mafuta. N'chifukwa chake timati matiresi anga, matiresi atsopano, ngakhale chili chinthu chimodzi. Musayese kudula ma- kuti mupeze "tiresi".

Kabati ndi Chichewa chobwereka, monga sukulu ndi buku, ndipo Aswahili nawonso amati kabati. Gwero lake ndi "cupboard". M'ma 1300 linali thabwa kapena tebulo loyalapo makapu ndi mbale, ndipo zitseko zinabwera pambuyo pake. Angerezi eni ake anasiya kalekale kutchula p, mwakuti m'mabuku akale mumapezeka "cubbord". Iwo anabwerera ku kalembedwe kosunga p wosatchulidwayo, ife tinalemba zimene tinamva. Musalole wolemba chikwangwani kubwezeramo p.

Mawu onse alembeni kaye papepala, wolembayo awajambule ndi choko pathabwa, muwerenge mokweza lembo ndi lembo, kenaka agwire bulashi. Zolakwika zambiri zimabwera pamene wolemba wayamba ndi zilembo zazikulu kumanzere, malo n'kumuthera kumanja, ndiye amameza lembo la liwu lomaliza n'kusiya "desik" kapena "matires".

FUNSO: Kumpingo kwathu tapeza kope lakale lolembedwa pamanja, momwe muli mndandanda wa katundu wa m'nyumba ya abusa. Muli "kama", "mpasa", "coikapo nyali" ndi "mpando wa nchito". Tikufuna kulilemba pakompyuta. Tikonze kalembedwe kapena tisiye? Komanso kama ndi Chichewa chenicheni kusiyana ndi bedi? — Mlembi wa mpingo, Ntcheu

YANKHO: Alembi, musakonze. Lembani ndendende mmene zilili, lembo ndi lembo, ndipo kalembedwe ka lero mukaike mumzere wina pambali pake. Mukakonza mwafufuta umboni wa zaka za kopelo. Jambulaninso tsamba lililonse ndi foni musanayambe, pamalo owala koma osati padzuwa, ndipo pomwe simukutha kuwerenga siyani mpata ndi chizindikiro cha funso, musalotere.

Zimene mwapezazo si zolakwika. M'kalembedwe kakale, komwe mumakaonanso mu Buku Lopatulika la 1922, c payekha ankaimira ch wathu wa lero, ndipo ch ankaimira amene lero timalemba tch. Choncho "coikapo nyali" ndi choikapo nyali, "nchito" ndi ntchito, "mpando wacifumu" ndi mpando wachifumu. Ku Malawi zinasintha bungwe la Chichewa Board litakhazikitsidwa mu 1972 n'kutulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973. Ku Zambia c uja akadalipo, n'chifukwa chake mumaona "Cinyanja". Pokopera samalani kwambiri ndi ch wakaleyo, chifukwa diso la lero limamudutsa osazindikira kuti akuimira tch.

"Mpasa" ndi mphasa. Amishoni oyambirira, makamaka a ku Blantyre, kawirikawiri sankalemba h wa mpweya, ndiye m'mabuku awo muli "muntu" ndi "ntawi", monga mmene mapu akale analembera Nkata Bay ndi Kota Kota. Koma musapitirire n'kuika h paliponse pamene pali mp. Mpando alibe h ndipo sanakhalepo naye. Yesani pochulukitsa: mpando umakhala mipando, kusonyeza kuti m ndi mphatikiram'mbuyo woima payekha, pomwe mphasa imodzi ndi mphasa khumi sizisintha.

Kama anatifika kale kuposa bedi, koma nayenso ndi wobwereka. Ndi "cama" wa Chipwitikizi, ndipo anabwera njira imodzi ndi nsapato, kalata, mbatata, chipewa ndi zenera, kuchokera ku "sapato", "carta", "batata", "chapéu" ndi "janela". Pamene Baibulo linkamasuliridwa anali atakhazikika kale moti pa 2 Mafumu 4:10, pomwe mayi wa ku Sunemu akukonzera Elisa kachipinda, omasulira anaikamo kama, gome, mpando ndi choikapo nyali. Mumzere wa kalembedwe ka lero musamusinthe kukhala bedi. Mzere umenewo ndi wosintha zilembo zokha, mawu akhale omwewo amene analemba mwini kopelo, ndipo ngati pali mawu amene achinyamata sangawamve, tanthauzo lake liikeni m'munsi mwa tsamba.